Cikho ca Madzi pa Mseu wa ku Nyimba ndi Petauke

Munthu wocokera ku Lusaka pa mseu waukulu wa Great East Road amalowa m'Cigawo ca Kum'mawa pamene basi yaoloka ulalo wa Luangwa. Ulalo umenewu unamangidwa m'caka ca 1968, ndipo zingwe zacitsulo ndizo ziugwira pamwamba pa mtsinje umene ucokera kutali ku mapiri a Mafinga ndi kukathira mu Zambezi pa boma la Luangwa, lija kale linali kuchedwa Feira. Pafupi ndi ulalowo pali msika wochuka wa nsomba zouma, madengu ndi mphasa, ndipo apaulendo ambiri amatsikapo kuti aongole miyendo.

M'mwezi wa October dera limeneli limatentha koopsa. Mitengo ya m'mapiri imakhala itayoyola masamba, udzu utapsa, ndipo Luangwa mwini wace amaphwa kufikira mcenga uonekera pakati pa madzi. Wapaulendo akatsika basi pa mudzi uli wonse wa m'mbali mwa mseu, cinthu coyamba cimene amalandira asanafotokoze za kumene acokera ndico cikho ca madzi, amene Ansenga eni dziko amati manzi. Mlendo waulemu amamwa ndi kuthokoza, safunsa kumene madziwo atungidwa. Koma mwini nyumba ayenera kudzifunsa yekha funso limenelo, pakuti ana ace amamwa mu mtsuko womwewo tsiku liri lonse.

Kucokera pa ulalo kukafika ku Petauke mabanja amatunga madzi m'malo anai: mu mcenga wa m'mitsinje, m'zitsime za ku dambo, pa mijigo, ndi pa mapompi a pa boma. Madzi a malo anaiwa ali ndi mabvuto osiyana, motero njira zowayeretsera ziyeneranso kusiyana.

M'MAPIRI A KACHOLOLA

Basi ikaoloka ulalo, mseu umakwera ndi kukhotakhota m'mapiri, malire a Mozambique ali pafupi ku dzanja lamanja, kufikira utulukira pa Kacholola. Lino ndi dziko la mafumu Nyalugwe, Luembe, Mwape ndi Ndake. Midzi yambiri iri kutali ndi mseu, kunsi ku cigwa ca Luangwa, kumene njira zimabvuta kuyendamo m'dzinja.

Timitsinje ta kuno timayenda m'dzinja mokha. M'malimwe timauma pamwamba, koma madzi amatsala pansi pa mcenga. Amai amalawira m'banda kuca ndi ndowa, mbale ndi khasu, nakumba dzenje lofika m'maondo kapena m'ciuno, nakhala pansi kudikira kuti madzi asonkhane pang'onopang'ono. Madzi otere amaoneka oyera cifukwa mcenga watsekereza matope, ndipo makolo anadziwa kale lomwe kuti madzi a m'dzenje lokumba pambali aposa a pa thamanda. Komatu dzenjelo limakhala losabvundikira usiku wonse. Mbuzi, nkhumba, agalu ndi nyama za kuchire zimamwa pomwepo, kumtunda ena amacapa zobvala za makanda, ndipo mvula yoyamba imakokololera m'khwawa zonyansa zonse za kuthengo.

Diso la munthu silitha kuona tizirombo timene timadzetsa matenda otsegula m'mimba, kamwazi, taifodi ndi kolera. Madzi angathe kukhala oyera mbee ndi ozizira bwino, koma ali ndi tizirombo timeneti. Likodzo liri ndi njira yace yace: tizirombo tace timacokera mu nkhono za m'madzi osayenda, ndipo timalowa pa khungu la munthu amene waponda, wasamba kapena wacapa m'madzimo.

Zaka zaposacedwa zakumbutsa dziko lonse za ukali wa matendawa. Mu January 2023 kolera inabuka ku Vubwi, m'cigawo comwecino. Kuyambira October 2023 kufika m'miyezi yoyamba ya 2024 inagwira anthu oposa 20,000 m'Zambia, ndipo oposa 700 anamwalira. Masukulu anacedwa kutsegulidwa, ndipo bwalo la mpira la National Heroes ku Lusaka linasanduka cipatala. Mliriwo usanathe, pa 29 February 2024 President Hakainde Hichilema analengeza kuti cirala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse. Cirala cikafika, zitsime zosaya ndizo zimayamba kuphwa, ndipo anthu ndi ziweto amakomana pa dzenje limodzi.

MLANDU WA PA KHONDE KU NYIMBA

Boma la Nyimba liri pa mtunda wa makilomita oposa 300 kucokera ku Lusaka, ndipo wapaulendo amalidziwa ndi nthoci. Basi isanaime bwino, mikoko ya nthoci yafika kale pa mazenera. Nthocizo zicokera m'madimba a m'mphepete mwa timitsinje, ndipo mabanja ambiri amamwa madzi a m'zitsime zomwezo zimene amathirira nazo mbeu.

M'mudzi wina wa m'dziko la Mfumu Ndake munali banja la anthu asanu ndi atatu limene mwana wao wamng'ono anagonekedwa ku cipatala kawiri m'dzinja limodzi cifukwa ca kutsegula m'mimba. Bambo wa pa banjapo atagulitsa nshawa, napatula ndalama za feteleza ndi za ana a sukulu, anaitana mkazi wace pa khonde madzulo.

"Amace mwana," anatero bamboyo, "ine ndinaona sefa ya madzi yacitsulo yonyezimira m'sitolo ku Chipata. Tigule imeneyo kuti bvuto ili lithe."

Ambuya, amai ace a mkaziyo, anali kusenda nshawa capatali. Analankhula ali cipenyere kumbali, monga mwa ulemu wa cipongozi. "Apongozi, ndalama izo sungani. Ife tinakula ndi madzi omwewa a mu mcenga, ndipo onani imvi izi."

Mkazi uja anakhala kanthawi osayankha, kenaka anati motsitsa mau, "Pepani amai. Mwa ana asanu ndi awiri amene munabala, tatsala angati?"

Ambuya sanayankhe. Anapitiriza kusenda nshawa kufikira mdima unagwa.

M'mawa mwace mai uja, pokumbukira kuti safunsa anadya phula, anapita ku kiliniki kukafunsa mlangizi wa za umoyo. Mlangiziyo atafika pa mudzi anakana kukamba za sefa asanaone kumene madzi atungidwa. Anatsika nao ku dimba, nadzaza botolo loonekera, naliimika pamwamba pa mutu wa nkhani wa nyuzipepala, nauza bamboyo kuti asuzumire pa kamwa pa botolo ndi kuwerenga mauwo. Bamboyo anayesa, koma sanaone kanthu. Mlangizi anafotokoza kuti madzi amene abisa malemba akuluakulu otere ndi obvunduka kwambiri, ndipo angatseke sefa ya m'sitolo m'masiku owerengeka.

Tsono anawapatsa mafunso anai amene banja liri lonse liyenera kuyankha lisanatulutse ndalama. Kodi madzi a pano ndi oyera kapena obvunduka, m'malimwe ndi m'dzinja momwe? Kodi pa khomo pamafunika malita angati akumwa pa tsiku, podziwa kuti munthu wamkulu amamwa awiri kapena atatu, ndipo kukatentha amaposa pamenepo? Kodi cipangizo cikaonongeka, cosinthira cipezeka kuti, ndipo pa mtengo wanji? Kodi ndani pa banja adzacisamala tsiku ndi tsiku? Anaonjeza kuti nchito yoyeretsa madzi iri ndi mbali zinai zotsatana: kudikhitsa matope, kusefa, kupha tizirombo, ndi kusunga bwino. Sefa imagwira mbali imodzi yokha mwa zinaizo.

NJIRA ZOSALIRA NDALAMA ZAMBIRI

Njira yoyamba ndi ya mitsuko itatu. Madzi otungidwa lero amathiridwa mu mtsuko woyamba ndi kubvundikiridwa. Mawa lace amatsanulidwa mosamala mu mtsuko waciwiri, matope natsala pansi, ndipo mkuca amalowa mu mtsuko wacitatu, umene ndiwo wakumwa. M'masiku awiriwo matope amadikha pamodzi ndi tizirombo tambiri tomatirira ku matopewo, ndipo tizirombo ta likodzo timafa tokha cifukwa sititha kukhala masiku awiri osalowa m'thupi la munthu.

Potsanula madzi mu mtsuko woyamba ndi bwino kumanga pa kamwa pace citenje cakale coyera copinda kanai kapena kuposa. Nsaru yakale iposa yatsopano cifukwa ulusi wace unafewa ndipo timipata tinacepa. Ku Bangladesh akatswiri anayesa njira imeneyi m'midzi yambiri, ndipo zotsatira zimene anafalitsa m'caka ca 2003 zinaonetsa kuti odwala kolera anacepa pafupifupi ndi theka. Nsaruyo iyenera kucapidwa ndi kuyanikidwa pa dzuwa nthawi iri yonse ikatha nchito.

Kumene kuli mtengo wa moringa, umene ena amaucha camwamba, njere zace zouma zimathandiza kudikhitsa matope msanga. Zimasendedwa, kusinjidwa ndi kutakasidwa m'madzi, njere imodzi pa lita limodzi, ndipo pakapita ola limodzi matope amakhala atagwirana pansi. Koma njira zitatu zonsezi sizipha tizirombo tonse, ndipo madziwo afunabe nchito ina.

Kuwiritsa ndiyo njira yosakayikitsa. Madzi akagaduka bwino kwa mphindi imodzi yathunthu, tizirombo tonse todzetsa matenda a m'mimba timafa. Bvuto lace ndi nkhuni. Wapaulendo amene awerenga matumba a makala oimikidwa m'mbali mwa mseu wa Nyimba amadziwa kuti nkhalango iri kutha, ndipo mai amene atheka nkhuni kutali sangawiritse malita 20 tsiku liri lonse. Cifukwa cace kuwiritsa kuyenera makamaka madzi a khanda, a wodwala, ndi a banja lonse pa nthawi ya mliri.

Njira ina ndi mankhwala a Clorin, amene bungwe la Society for Family Health linayamba kufalitsa m'Zambia m'caka ca 1998. Munthu amayesa ndi cotsekera ca botolo monga mwa malangizo olembedwa pa botolopo, nathira m'cigubu, nakhucumula, nadikira mphindi 30 asanamwe. Mankhwalawa amapha tizirombo ta kolera ndi taifodi, ndipo mphamvu yace imatsalamo kuchinjiriza madzi m'cigubu. Koma m'madzi amatope mphamvuyo imathera pa matope, motero madzi ayenera kuyamba adikha ndi kusefedwa. Ena amadana ndi fungo lace. Fungo locepa ndilo cizindikiro cakuti mankhwala agwira nchito, ndipo likakula ndiye kuti muyeso wapitirira. Botolo limene masiku ace anatha liribe mphamvu.

Dzuwa la ku Nyimba nalonso lingagwire nchito. Madzi oyera akathiridwa m'mabotolo oonekera a pulasitiki osaposa malita awiri, ndi kugonekedwa pa denga la malata kwa maola asanu ndi limodzi dzuwa liri ng'aa, kuwala kwace kumapha tizirombo. Kukakhala mitambo afunika masiku awiri, ndipo pa masiku a mvula yosalekeza njirayi sithandiza.

MASEFA ATATU

Mlangizi atatha izi anafika pa nkhani imene bambo uja anali kuidikira. Masefa oyenera nyumba ya kumudzi, osalira magetsi, alipo mitundu itatu yodziwika.

Woyamba ndi mphika wa dothi, umene Fernando Mazariegos wa ku Guatemala anaupanga m'caka ca 1981. Dothi limasakanizidwa ndi utuci kapena mankhusu a mpunga, ndipo poocha mu ng'anjo utuciwo umapsa ndi kusiya timabowo tosaoneka ndi maso. Pambuyo pace mphikawo umapakidwa mankhwala a siliva, nukhazikidwa pa kamwa pa ndowa yokhala ndi kapompi. Madzi amadontha lita limodzi kufikira atatu pa ola. Mphika wamba wa woumba wa pa mudzi sungalowe m'malo mwace, pakuti timabowo tace sitinayesedwe. Ndipo mphika wosefera ukacita mng'alu, ngakhale wocepa ngati tsitsi, nchito yace yatha. Cizindikiro cace ndi madzi kuyamba kutsika mofulumira.

Waciwiri ndi sefa ya kandulo, yonga ija bambo anaiona ku Chipata. Ndi zotengera ziwiri zosanjikizana, ca pamwamba ciri ndi kandulo ya dothi loyera loocha imene madzi amapyolamo. Kandulo ikada amaikwecha ndi kaburashi m'madzi oyera, popanda sopo. Kukwecha kuli konse kumaidya pang'ono, ndipo ikaonda kapena kung'aluka iyenera kusinthidwa. Kunyezimira kwa citsulo ca kunja sikuonjeza kanthu pa kuyera kwa madzi. Ndowa za pulasitiki zokhala ndi kandulo yomweyo zimagwira nchito imodzimodzi. Wogula wanzeru amafunsa mtengo wa kandulo yosinthira asanafunse mtengo wa sefa. Masefa ena atsopano, okhala ndi timapaipi tating'onoting'ono m'kati, safuna kandulo, koma afuna kutsukidwa kawirikawiri pokankhira madzi oyera cam'mbuyo ndi kapampu kace, ndipo kapampuko kakataika sefa imatsekeka.

Wacitatu ndi sefa ya mcenga, imene David Manz wa pa University of Calgary ku Canada anaikonza kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990, ndipo m'Zambia bungwe la Seeds of Hope la ku Ndola linaphunzitsa anthu kaumbidwe kace. Ndi bokosi la simenti lofika m'ciuno. Pansi pace pali timiyala, pamwamba pa timiyala mcenga wosefa ndi wotsuka bwino, ndipo pamwamba penipeni pali mbale yoboolaboola yoletsa madzi kukumba mcenga pothira. Kapaipi kotulutsira madzi kanakwezedwa mwakuti madzi okwana masentimita asanu amatsala pamwamba pa mcenga nthawi zonse. M'madzi otsalawo mumamera tamoyo tina tabwino timene timadya tizirombo ta matenda, ndipo tamoyoto timatenga pafupifupi masiku 30 kuti tikhwime. Cifukwa cace sefa imeneyi iyenera kuthiridwa madzi tsiku liri lonse, a ku citsime cimodzimodzi, ndipo Clorin kapena madzi otentha sayenera kulowamo. Ikayamba kucedwa, mwini wace amatakasa pang'ono pamwamba pa mcenga ndi kutaya madzi akudawo. Ndi yolemera, siyenda nayo ku munda, koma iribe cosinthira cogula, imatulutsa madzi okwanira banja lalikulu, ndipo imakhala zaka zambiri.

Mlangizi anacenjeza pa zinthu ziwiri. Citini ca makala ndi mcenga cimene ana amapanga ku sukulu cimayeretsa maonekedwe a madzi, koma sicicotsa matenda. Ndiponso pali tizirombo tina tocepetsetsa timene tingapyole m'masefa onse atatuwa, motero madzi osefa afunabe Clorin, makamaka pamene kwamveka kolera.

Banja lija linakambirana masiku awiri. Madzi ao ndi amatope miyezi yonse ya dzinja, pakamwa ndi pambiri, ndipo kandulo yosinthira iri ku Chipata, makilomita oposa 200 kucokera kwao. Motero sefa yonyezimira inatsala m'sitolo. Anagula cigubu catsopano ca malita 20 ca kamwa laling'ono, mabotolo a Clorin okwanira dzinja lonse, ndi thumba la simenti lomangira khoma ndi cibvundikiro pa citsime ca ku dimba. Ndalama zotsala anazisunga kuti, pamodzi ndi mabanja ena, aitane mmisiri wodziwa kuumba masefa a mcenga. Pa funso lacinai, la wosamala, panakhala cete kufikira ambuya ananena okha kuti iwo ndiwo akhala pa khomo tsiku lonse, ndipo mitsuko itatu ikhale m'manja mwao.

MIDZI YA MIJIGO

Kucoka pa Nyimba kulinga kum'mawa mapiri amacepa, dziko limatambasuka, ndipo minda ya cimanga, thonje, mpendadzuwa ndi nshawa imaonekera mbali zonse ziwiri. Mseu umapitirira pa mphambano ya ku Minga, kumene kuli misoni ya Akatolika ndi cipatala cace, nulowa m'dziko la Mfumu Yaikulu Kalindawalo ndi mafumu Mumbi, Mwanjawanthu ndi Nyamphande. Mitsinje yodziwika kuno ndi Mvuvye ndi Msanzala, koma midzi yambiri imadalira mijigo, ndipo pampu imene ipezeka kawirikawiri ndi ya mtundu wa India Mark II.

Madzi a pa mjigo acokera pansi patali, ndipo dothi ndi miyala zawasefa kale. Mudzi wokhala ndi mjigo wamoyo sufuna sefa yodula. Bvuto limene limamveka pa mijigo ina ndi dzimbiri: madzi a m'mawa amatuluka ofiirira, amanunkha citsulo, amadetsa nsima ndi zobvala zoyera. Dzimbirilo licokera m'miyala ya pansi kapena m'mapaipi acitsulo a pampu. Amai ena akaona zotere amausiya mjigo ndi kubwerera ku dambo, kumene madzi akoma pa lilime. Pamenepo ndiye pali ngozi, pakuti madzi adzimbiri anyansa m'maso koma sadzetsa kolera, pamene a ku dambo angathe kupha mwana. Madzi adzimbiri akatsanulidwa kangapo kucoka m'ndowa ina kupita m'inzace kuti apume mpweya, ndi kusiyidwa usiku wonse, dzimbiri limadikha pansi. Sefa ya mcenga nayonso imalicotsa bwino. Kumene mapaipi ndiwo adyeka, mankhwala ace ndi kuwasintha ndi osacita dzimbiri. Koma madzi amcere, kapena amene aganiziridwa kuti muli mankhwala a ku munda, palibe mphika, kandulo kapena mcenga umene ungawakonze. Amenewo ayenera kupimidwa ndi a za umoyo a pa boma.

Pa mudzi wotere ndalama ya banja imapindula koposa ikapita ku komiti ya madzi ya V-WASHE, yogulira zosinthira pampu isanafe. Simenti ya pa mjigo ikang'ambika, madzi akuda a pamwamba amatsikira momwemo. Mpanda woletsa ng'ombe ndi nkhumba, ngalande yotaya madzi kutali, ndi zimbudzi zokumbidwa mamita osacepera 30 kucokera pa citsime, makamaka kumunsi kwace, ndizo zimasunga madzi a mudzi wonse. Pa citsime cotunga ndi cingwe payenera kukhala ndowa imodzi ndi cingwe cimodzi ca onse, zosagona pansi.

PA BOMA LA PETAUKE

Pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kucokera ku Lusaka, wapaulendo amapatuka pa mseu waukulu kulinga kumpoto, ndipo posacedwa amafika pa boma la Petauke, ndi msika wace, masitolo, masukulu ndi zipatala. Kuno madzi a m'mapompi amaperekedwa ndi kampani ya Eastern Water and Sanitation Company, imene itumikira matauni a cigawo cino pansi pa uyang'aniro wa bungwe la NWASCO. Madzi a kampani amathiridwa mankhwala asanalowe m'mapaipi.

Koma m'tauni iri yonse mabanja amasunga madzi m'migolo ndi m'ndowa, ndipo mu mgolo wosabvundikira mphamvu ya mankhwala imatha pa tsiku limodzi kapena awiri. Ena a m'makomboni amatunga m'zitsime zosaya zokumbidwa pa khomo, pafupi ndi zimbudzi za anansi. Kwa banja la pa boma limene madzi ace ndi oyera kale, ndipo masitolo ali pafupi, sefa ya kandulo ija imene sinayenere banja la kwa Ndake ndiyo yoyenera. Kwa otunga m'citsime ca m'komboni, Clorin kapena kuwiritsa sikungalekedwe ngakhale tsiku limodzi.

M'masitolo a ku Lusaka muli makina osefera a magetsi amene amacotsa ngakhale mcere. Makinawo afuna magetsi, afuna madzi othamanga mwamphamvu m'paipi, amataya madzi ambiri posefa, ndipo zam'kati mwace zimasinthidwa ndi ndalama. M'caka ca 2024, madzi atacepa m'nyanja ya Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, ndipo makina otere anangokhala. Wofuna kugula ayambe wapimitsa madzi ace, kuti asalipire mankhwala a nthenda imene alibe.

MTSUKO NDI DZANJA

Ku Kacholola, ku Nyimba, ku Minga ndi ku Petauke komwe, madzi ambiri amaipira m'nyumba. Mai angawasefe ndi kuwawiritsa, koma mwana wocokera kosewera akamiza kapu pamodzi ndi zala zace mu nkhali ya kukamwa kwakukulu, nchito yonse ija yapita pacabe. Madzi akumwa akhale m'cotengera ca kamwa laling'ono kapena cokhala ndi kapompi, cobvundikira, cokhazikidwa pamwamba pamene nkhuku ndi agalu safika. Ngati ndi mtsuko, cikho cace cikhale ca mpini wautali, cokolekedwa pa khoma, ndipo munthu asamwere m'cikhomo. Cotengeraco citsukidwe kawirikawiri, ndipo manja asambidwe ndi sopo kapena phulusa pocoka ku cimbudzi ndi posagwira cakudya. Mwana akatsegula m'mimba apatsidwe msanga madzi a ORS. Ngati palibe, m'lita limodzi la madzi abwino musungunulidwe timasupuni tosasefukira tisanu ndi kamodzi ta shuga ndi theka la kasupuni ka mcere, ndipo ulendo wa ku cipatala usadikire mawa.

M'mwezi womwewu wa October Ansenga amasonkhana kwa Kalindawalo pa mwambo wa Tuwimba, kukumbukira makolo ndi kupempha mvula. Posacedwa mitambo imayamba kuunjikana madzulo, alimi amanola makasu, ndipo mabingu amamveka ca ku Mozambique. Akulu anati walira mvula walira matope. Mvula yoyamba ikagwa, makwawa onse amayenda ndi madzi ofiira, maenje a mu mcenga amafocereka, ndipo m'zipatala mumaculuka ana otsegula m'mimba. Banja limene lidikira nthawi imeneyo kuti liganize za madzi lacedwa kale.

M'mudzi uja wa kwa Ndake simenti ya pa citsime yauma, ndipo pa khonde pali mitsuko itatu yondandalikana, uli wonse ndi mbale yace yobvundikira. Citenje cakale ca ambuya ciri pa cingwe. Dzinja likudzali ndilo lidzaonetsa ngati kamwana kaja kadzapyola miyezi ya mvula osagona ku cipatala. Mlendo akafika tsopano, ambuya amamuuza kuti akhale pa mphasa, naletsa mdzukulu amene athamangira mtsuko wapafupi, nanyamuka okha kukatunga m'cigubu cimene anathiramo madzi a mu mtsuko wacitatu m'mawa.